A Belmiro ndi Mphuno Yobwereka

Kukangoyamba kuyera, a Belmiro amakhala atatsegula kale adega, nyumba yamdima yosungiramo vinyo imene inagundizana ndi khola lakale la ng'ombe. Magetsi sayatsa. Amasiya chitseko chotsegula kuti kuwala kulowe kokha, kenaka amayenda motsata migolo, akugogoda uliwonse ndi nkhonya ngati munthu wodzutsa ana. Mgolo wodzaza umayankha motsitsa. Woperewera umalira ngati ng'oma. Akaupeza wolirawo amazula chotsekera, n'kuthiramo vinyo wa m'jagi mpaka atayikire pang'ono, chifukwa mpweya ukapeza malo mumgolo, vinyo amasanduka viniga. Akamaliza amapukuta manja pa thalauza, n'kukhala pa chitsa pakhomo ndi buledi wa chimanga m'manja.

Ine ndimadutsa nthawi yomweyo ndi kiyi wa katchalitchi ka m'mudzi mwathu, kumene ndimasesa ndi kusintha maluwa.

"Mlamu, mukawauze oyera a kumeneko kuti mvula aigwire kaye."

"Bwerani mudzanene nokha, alamu. Chitseko chake sichiluma."

"Ine akundidziwa. Ndikalowa denga ligwa."

A Belmiro ndi akulu awo a malemu amuna anga, a Custódio. Anabadwira m'nyumba yomweyo, kufupi ndi tawuni ya Cantanhede, ndipo kupatula nthawi ya usilikali sanagonepo kutali ndi munda wawo wa mphesa. Ndi munthu wamfupi, wa manja aakulu okhala ngati si ake. Akazi awo anamwalira kalekale. Mwana ali naye mmodzi, Graciete, amene amagwira ntchito mu sitolo ya mankhwala ku Aveiro.

Mundawo uli pa chitunda cha makande, dothi limene nthawi ya mvula limakuvula nsapato. Mipesa yake ndi ya baga yokhayokha, yodzalidwa ndi agogo awo, yopindikapindika ngati zala za nkhalamba. Baga ndi mphesa yamakani. Imapsa mochedwa, ndipo mvula ya Seputembala ikaipeza ili m'munda imaola. A Belmiro amaiponda monga ankachitira bambo awo, matsango athunthu osachotsa timitengo take. Anzawo anasiya zimenezo. Vinyo wotuluka pamenepo akakhala watsopano amagwira lilime ngati chipatso chosapsa, moti mlendo akalawa amayang'ana uku ndi uku kufuna polavulira. N'chifukwa chake ndi wotsika mtengo. Anthu amabwera ndi zigubu kudzagula woti amwere nyama ya mwana wa nkhumba wowotcha, poti mafuta amamugonjetsa.

Koma chaka chilichonse a Belmiro amapatulako wina, n'kumutsekera m'mabotolo, n'kuwagoneka mumchenga kuseri kwa migolo. Salembapo kanthu. Amangopaka laimu kunsi kwa botolo: chaka china kadontho, china mizere, china kamtanda. Vinyoyo akagona zaka zambiri amafewa mtima. Amuna anga ankati baga ali ngati mkulu wawoyo, uyenera kumupirira theka la moyo kuti uyambe kumukonda.

Awiriwo anakanganapo kamodzi kokha mkangano weniweni. Chaka china mitambo inaunjikana kumbali ya nyanja mphesa zisanapse bwino. A Belmiro anati tidikire. Atapita ku msika wa ku Cantanhede, amuna anga anaitana anthu n'kuthyola munda wonse. Mvula inabweradi, koma mochedwa, dzuwa litawala kaye masiku angapo, ndiye aliyense anati wolondola ndine. Vinyo wa chaka chimenecho anali waukali ngakhale kwa ife ozolowera. A Belmiro anamupaka kamtanda, n'kuuza mng'ono wawo kuti, "Uyu udzamwa wekha ukadzakalamba." A Custódio sanakalambe.

Ine vinyo sindimwa. Amuna anga atadwala koyamba ndinayenda pansi kupita ku malo oyera a ku Fátima, ndipo ndinalonjeza kwa Amayi Maria kuti akachira, vinyo sadzakhudzanso lilime langa. Anachira, tinakhala limodzi zaka zina zabwino, kenaka mtima unawatenga ali m'munda. Bambo mfumu anandiuza kuti lonjezolo akhoza kulimasula. Ndinawathokoza, koma sindinabwererekonso. Chimene ndinapempha ndinalandira.

Kunali pambuyo pa chimfine choopsa cha nyengo ina yozizira pamene ndinayamba kuona zachilendo. Tsiku lina ndinawapeza a Belmiro akuyatsa sulufule, mankhwala a utsi wotsamwitsa ophera tizilombo, mumgolo wopanda kanthu, nkhope ili pakamwa penipeni pa mgolowo, misozi ikutuluka koma osatembenuka msanga monga kale. Lamlungu lina ndinawapatsira nyama ya mbuzi yophika m'vinyo, imene masiku onse ankaipezera chifukwa, mwina adyo wachuluka, mwina wachepa. Mbale inabwerera yotsuka popanda mawu. Ndinadabwa. Munthu amene ankadziwa kuti kwa a Abílio, oyandikana nafe, apsereza mpunga ali kutsidya la msewu, wadwala chiyani? Ndinayamba kuchedwetsa phazi ndikamadutsa pa adega.

M'mawa wina anandiitana okha.

"Mlamu, talowani kaye."

"Ndikuthamangira ku tchalitchi."

"Oyerawo ndi a matabwa, sathawa. Tabwerani mununkhize apa."

Anazula chotsekera cha mgolo woyamba. Ndinawerama. Sindinkadziwa mawu a anthu a vinyo, ndiye ndinanena zimene ndimadziwa.

"Mabulosi akuda. Komanso mwala wa pakhomo la tchalitchi ukanyowa ndi mvula."

"Chabwino. Nanga uwu?"

"Uwu uli ndi kafungo ka lubani, kakutali, ngati m'tchalitchi Lolemba m'mawa."

Anaseka, n'kuzula chachitatu. Ndinabwerera m'mbuyo nditagwira mphuno.

"Mayo! Mazira ovunda."

Nkhope yawo inasintha. Anathamangira paipi ndi mgolo wina woyera, n'kuyamba kusamutsa vinyo kuti achoke pa nsenga zake apume. Ndinawagwirira paipiyo. Titamaliza ndinati, "Alamu, fungo lija ngakhale galu akanathawa. Inu simunalimve?"

Anakhala pa chitsa chawo, akuyang'ana manja.

"Chichokere chimfine chija, mphuno iyi ndi yokongoletsa nkhope basi. Ndipo siikongoletsanso. Ndikamadya ndimakhala ngati ndikutafuna nsanza. Vinyo ndimangomva kuti ndi wonyowa." Anakweza maso. "Graciete asamve."

"Ine bodza sindinena."

"Ndani wati munene bodza? Mungotseka pakamwa. Ntchito imeneyo ndiye mumaitha kuposa aliyense m'mudzi muno."

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Chigwere a Belmiro pa makwerero n'kuthyoka nthiti, Graciete ankafuna kuti mipesa izulidwe, adzalepo bulugamu wogulitsa ku fakitale ya mapepala, monga achitira ambiri kuno. Bulugamu safuna kudulira, safuna kupopera, saopa mvula. Si kuti mwanayo ndi wouma mtima. Ankaopa kudzaimbiridwa foni tsiku lina. Atakangana kwambiri anapangana kuti tsiku limene a Belmiro adzalephere kupanga vinyo paokha, thalakitala ilowa m'munda. Ndipo wopanga vinyo wopanda mphuno ali ngati woyendetsa galimoto wotseka maso.

Kuyambira pamenepo, kiyi wa tchalitchi ankadikira m'thumba mpaka nditanunkhiza migolo yonse. Poyamba mtima unkandivuta, ndiye ndinafunsa bambo mfumu ngati kununkhiza sikuswa lonjezo. Anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Mayi, mphuno yanu ku Fátima sinalonjeze kanthu."

Sindinkadziwa kuti vinyo ndi chinthu chosakhazikika chotero. Ndinakhala zaka zonsezo pakati pa migolo, ndikutsuka mabotolo, ndikuphikira othyola mphesa, koma ndinkayesa kuti akalowa mumgolo amangogona. Ayi. Mgolo womwewo lero unkanunkhira zipatso, mlungu wamawa unkatseka pakamwa osanena kanthu, kenaka unkadzuka ndi fungo la masamba onyowa. Mphepo ikachokera kunyanja unkasintha. Ndinkadzifunsa kuti kodi mumdima muja mukuchitika chiyani, popanda dzanja la munthu? A Belmiro ankamvetsera mawu anga atapendeketsa mutu, milomo ikuyenda, akuwaloweza ngati mwana wa katekisimu.

"Mwati sera wa kandulo?"

"Kandulo yongozimitsa kumene."

"Ndiye ali bwino. Mukadzamva viniga, ngakhale uja anapatsa Ambuye pa mtanda, mudzakuwe."

"Alamu, pakamwa panupo."

"Ndikulapa, ndikulapa. Pitani ku mgolo winawo."

Tinadutsa choncho nyengo yodulira, yopopera, mpaka yothyola. Chaka chimenecho mvula inatichitira chifundo. Graciete ankabwera mwa apo ndi apo, ankayang'ana bambo ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osapeza kanthu.

Linafika tsiku la Martino Woyera, pamene aliyense amalawa vinyo watsopano ndi kuwotcha makastanya, mtedza waukulu wobala m'mitengo. Masana ake tinasonkha moto wa masamba a paini pabwalo. Graciete anabwera. Anabweranso a Abílio, oyandikana nafe, amene ankayendetsa basi asanapume ntchito, ndipo sanaphonyepo tsiku lotsegula mgolo wa munthu wina. Munthu wa ku fakitale wogula bulugamu anali atadutsanso kwa Graciete mlungu womwewo, ndipo mwanayo anazitchula tikuyala tebulo. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake a Belmiro anachita zimene sitinapangane. Ine ndili pamoto kutembenuza makastanya, iwo analowa mu adega, n'kukafukula botolo lakale la chaka chimene ankachinyadira kuposa zonse.

"Lero ulawe chimene ukufuna kusinthanitsa ndi mapepala a kuchimbudzi," anamuuza Graciete.

Ndinamva chotsekera chikuphulika ndili ndi makastanya otentha mu epuloni. Pamene ndinkafika patebulo anali atathira kale, ndipo fungo linandipeza ndisanakhale pansi. Nthawi zina chotsekera chimadwala, n'kudwalitsa vinyo yense wa m'botolomo. Ameneyu ankanunkha chuku, ngati nsanza yonyowa yoiwalika m'ndowa. Ndinayesa kuwayang'ana a Belmiro m'maso, koma anali atatsinzina kale, mphuno ili m'tambula.

"Aaa," anatero. "Mabulosi akuda. Mwala wonyowa ndi mvula. Ndipo kumapetoko, tamva bwino mwanawe, kafungo ka lubani, ngati m'tchalitchi Lolemba m'mawa."

A Abílio anameza wawo yense kamodzi. "Zoona zokhazokha! Lubani weniweni. Tawonjezerani, achimwene, ndimumvetse."

Graciete ananunkhiza kamodzi, n'kuika tambula pansi pang'onopang'ono.

"M'tchalitchi Lolemba m'mawa," anabwereza. "Ababa, inu munalowamo liti m'tchalitchi Lolemba? Ngakhale Lamlungu? Pa ukwati wanu womwe akuti munaima pakhomo."

Kastanya wina anaphulika pamoto.

"Vinyo uyu ndi wakufa, ababa. Chotsekera chamupha. Inu munkalidziwa botolo lotere lisanafike patebulo." Mawu ake anatsika. "Kuyambira liti?"

"Chimfine chija."

"Chaka chatha chija? Ndiye migolo yonseyi wakhala akukuuzani ndani?" Anatembenukira kwa ine. "Amayi aang'ono?"

"Ndine, mwanangu."

"Ndimadabwa ine, lubani!"

A Abílio anayang'ana m'tambula yawo yopanda kanthu. "Komabe ineyo sindinamve choipa."

"Iwe ungayamikire ngakhale madzi otsukira mgolo," anatero a Belmiro, koma mopanda mphamvu. Anakhuthulira vinyo wawo pansi. "Pangano ndi pangano, Graciete. Umuuze munthu wako abwere. Koma adikire masamba agwe kaye, ndisaione ikuzulidwa itavala."

Graciete anaimirira, n'kulowa mu adega. Tinamva akusuntha zinthu kuseri kwa migolo. Anatuluka mawondo ali mchenga wokhawokha, ali ndi botolo la kamtanda.

"Limenelo ayi," anatero bambo ake msangamsanga. "Latsala lokhalo. Lili ndi mwini wake."

Anabwerera, n'kubwera ndi lina la mizere. Analitsegula yekha, ananunkhiza chotsekera, anatsuka tambula ndi vinyo pang'ono monga anaphunzitsidwira ali mwana, kenaka anathira. Vinyoyo sanalinso wakuda. M'mbali mwake anali wofiirira ngati njerwa. Anamusunga m'kamwa nthawi yaitali, akuyang'ana ku chitunda. A Belmiro anali atawerama, maso ali pa milomo ya mwana wawo.

"Tanena, iwe. Ukundipha."

"Sakugwiranso lilime. Akungolisisita." Analawanso. "Nkhuyu zouma. Fodya wa agogo. Ndipo muli fungo la kabati ya amayi ija, mukatsegula mosungira nsalu za patebulo."

"Zipatso zikadalimo?"

"Zikadalimo, ababa. Pansi penipeni, koma zamoyo."

A Belmiro anatsamira m'mbuyo, n'kupuma ngati munthu amene watula thumba. "Ameneyo unapondako wekha. Unali ndi mano ogweluka kutsogoloku. Unaterereka n'kukhala pansi m'mphesa, amayi ako anandikalipira mlungu wathunthu chifukwa cha diresi."

"Ndikukumbuka. Munati ndawonjezera kukoma."

Anamwanso pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mokwiya.

"Chaka chimodzi," anatero. "Mwamva? Chimodzi. Loweruka lililonse ndizibwera kudzalawa migolo. Amayi aang'ono mphuno, ine lilime, inu manja. Koma ndikadzangokuonani pa makwerero, thalakitala ndidzayendetsa ndekha."

"Nanga ine?" anafunsa a Abílio.

"Inu ndinu m'mero, amalume. Ntchito mwaiyamba kale."

Sikuti zonse zinapulumuka. Kachigawo ka kumunsi, ka m'mbali mwa mtsinje, kumene chifunga chinkaoletsa mphesa chaka ndi chaka, Graciete anakazulitsa ndithu, ndipo lero pali bulugamu wotalika kuposa denga la adega. A Belmiro sayang'anako. Akamapita kumunda amazungulira njira ya kumtunda ngakhale ndi yaitali. Koma chitunda cha makande chikadali ndi mipesa yake, ndipo tsiku la Martino Woyera lililonse Graciete amaika tambula pansi n'kunena kuti, "Chaka chimodzi china, basi." Chaka chatha ndinamuona akupaka yekha laimu kunsi kwa mabotolo. Chizindikiro chake ndi kamwezi.

M'mawa wotsatira phwando lija, nditamaliza kununkhiza migolo, ndinapeza botolo la kamtanda lili pa chitsa, lopukutidwa bwino.

"Tengani, mlamu. Ndi lanu."

"Ndikalitani ine, alamu? Mukudziwa."

"Ndikudziwa." Anakanda kumutu. "Zaka zonsezi ndinkatsegula limodzi nthawi ndi nthawi, kufuna kuona. Nthawi zonse anali waukali, ine n'kumati, waona Custódio, ndinakuuza. Koma lomaliza limene ndinalawa mphuno ikadalipo, anali atayamba kutembenuka. Sindinauze munthu. Ndinati ndidikire pang'ono nditsimikize. Ndiye chimfine."

"Mupatseni Graciete alawe."

"Graciete adzagawa pakati. Adzati bambo aang'ono analondola, ababanso analondola. Abílio ndiye musanene. Mphuno payokha siingathe mlandu umenewu, chifukwa ukali wa baga uli pa lilime. Pafunika munthu woti sanama, amenenso anamudziwa mnyamata uja."

Iwo anatola botolo, n'kuliika m'manja mwanga, n'kupinda zala zanga ndi manja awo aakuluwo.

Lili kwathu, logoneka m'munsi mwa kabati, pansi pa chithunzi cha amuna anga. Ndikamapukuta fumbi ndimaliunika pa windo, koma galasi lake ndi lakuda, silionetsa kanthu. Ndimadzifunsa kuti mkatimo mwafika pati. A Belmiro sanabwerezenso. M'mawa uliwonse amagogoda migolo, ine ndimanunkhiza, iwo amanditumiza kwa oyera za mvula. Anapempha kamodzi kokha, tsiku lomwelo, ndili pakhomo ndi kiyi m'dzanja lina, botolo m'dzanja lina.

"Sindikuti mumwe, mlamu. Kungonyowetsa nsonga ya lilime. Mukadzaona kuti kumwambako sakwiya, mudzalawe, mudzandiuze ngati mng'ono wanga analondola."